Alamu anga akufuna gawo lalikulu m'sitolo yathu, kodi ndichotse ndalama zanga?

Funso: Ndine mayi wa ku Malawi koma ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Mu 2017 ine ndi alamu anga, amuna a mng'ono wanga, tinatsegula sitolo ya zipangizo zomangira ku Lunzu. Mpamba tinasonkha wofanana, ndipo tinapangana pakamwa kuti phindu tizigawana pakati. Iwo ndiwo amakhala m'sitolo, ine ndimabwera kamodzi pachaka. Poyamba zinkayenda bwino, koma kuyambira 2023 ndalama zimene amanditumizira zikunka zichepa, chonsecho anthu amandiuza kuti sitolo imadzaza. Tsopano akuti azitenga magawo awiri mwa atatu poti ndiwo amavutikira. Nditati tilemberane pangano anakhumudwa, amvekere ndawaona ngati mbava. Kodi ndichotse ndalama zanga, kapena ilipo njira yoti tikhulupiriranenso?

Yankho: Mayi, musachotse kaye ndalama zanu. Sikuti ndikuikira kumbuyo alamu anu ayi. Kungoti m'kalata yanu muli nkhani zingapo zimene zapiringizana, ndipo munthu akakhala kutali zonsezo zimaoneka ngati kuba. Akamadandaula kuti thukuta lawo silikuwerengedwa, alamu anu akunena zoona. Chimene akupempha kuti vutolo lithe ndicho cholakwika. Ndipo zoti inu muziona mmene ndalama zikuyendera, pamenepo alibe pothawira.

Tiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo, ndalama zochepazo. Chaka chimene mwatchulacho n'chodziwika kwa aliyense wochita malonda kuno. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Munthu amene gawo lake linali K1,000,000 ankalandira madola pafupifupi 850. Patangopita usiku umodzi ndalama yomweyo inasanduka madola osakwana 600. Inu mumawerenga m'marandi, alamu anu amawerenga m'makwacha. Iwo akhoza kulumbira kuti sanachepetse ngakhale tambala, inu n'kulumbira kuti zachepa, nonse osanama.

Koma chimene chimapha masitolo ngati yanuyi chimabisala mkati mwa phindu lenilenilo. Tiyerekeze kuti alamu anu aoda matumba 200 a simenti pa K15,000 limodzi, agulitsa onse pa K17,000. M'kabati mwalowa K3,400,000, ndipo papepala phindu ndi K400,000. Akubwerera ku Limbe kukaodanso apeza mtengo wafika pa K20,000. Ndalama yonse ija, mpamba ndi phindu pamodzi, igula matumba 170 basi. Akakhala kuti K400,000 ija mwagawana kale, agula matumba 150. Sitolo yataya matumba 50 popanda wakuba, ndipo chimene munagawana chija sichinali phindu, unali mpamba. Wamalonda wochenjera akaona chonchi amachepetsa zogawana kuti mashelefu asakhale pululu. N'kutheka kuti ndi zimene alamu anu akhala akuchita, koma osakufotokozerani bwino. N'kuthekanso kuti sanachite zimenezo, ndipo sitolo yaonda pang'onopang'ono. Zonse ziwiri zimadziwika powerenga katundu, ndipo muzimuwerenga m'matumba, m'malata ndi m'zitini, osati m'makwacha okha, chifukwa kwacha ya 2017 ndi ya lero zimangofanana dzina.

Za anthu okuuzani kuti sitolo imadzaza, zimvereni mbali imodzi. Simenti imakoka anthu koma phindu lake pa thumba n'lochepa. Ndalama ya sitolo yotere imachokera ku tizinthu ting'onoting'ono, misomali, maloko, mahinjesi, mabulashi, zolumikizira mapaipi. Komanso ambiri mwa anthu oima pakauntala ndi amisiri odzatenga katundu pangongole, akuti abwana akawalipira abweza.

Tsopano za magawo awiri mwa atatu. Lamulo lathu la Partnership Act, lomwe linatengera lamulo la ku England la 1890, limati anthu akachita bizinesi limodzi osagwirizana mwina, phindu ndi zotayika amagawana mofanana, ndipo palibe amene amalandira malipiro chifukwa chogwira ntchito m'bizinesimo. Ndiye kumbali ya lamulo muli pabwino. Koma taganizani mmene zimaonekera kwa munthu amene wakhala akutsegula sitolo m'mamawa kuyambira 2017, kukangana ndi onyamula katundu, kulondola angongole, kudzuka usiku mlonda akaimba foni, kenako n'kugawana pakati ndi munthu amene amabwera pa Khirisimasi. Mukadalemba manijala wachilendo, bwenzi mukumulipira mwezi ndi mwezi musanayambe n'komwe kuwerenga phindu. Alamu anu akhala manijala waulere.

Munthu wosalipidwa amadzilipira yekha. Sayamba ndi mtima wakuba. Lero atapa K20,000 ya chipepeso kumaliro, mawa athira mafuta m'galimoto yake poti ndi yomwe imanyamula katundu, mkuja atenga matumba atatu a simenti okonzera khonde kunyumba. Mumtima amati ndi thukuta langa, ndipo mbali ina sakulakwa. Koma salemba. Zikachulukana kwa zaka, amafika poti sangatsegule buku pamaso pa mnzake ngakhale atafuna, chifukwa bukulo lili ndi mabowo amene iye mwini sangathe kuwafotokoza. Ine ndikuona kuti mkwiyo wa alamu anu pamene munatchula zolemberana ukhoza kukhala wochokera apa. Manyazi ndi kuba zimavala nkhope imodzi munthu akafunsidwa za mabuku.

Njira yake ndi kulekanitsa malipiro ndi umwini. Alamu anu azilandira malipiro a pamwezi, olembedwa ngati mmene mumalembera lendi ndi magetsi, ndipo zotsalazo muzigawana pakati monga kale. Tiyerekeze kuti pachaka sitolo yapeza K12,000,000 musanalipire aliyense wa inu. Mwa njira yawo, iwo atenga K8,000,000, inu K4,000,000. Mwa njira ya malipiro, tinene K300,000 pamwezi, alandira K3,600,000 pachaka, yotsala K8,400,000 mugawana, iwo n'kukhala ndi K7,800,000, inu K4,200,000. Mukuona kuti pa chaka chimodzi kusiyana kwake n'kochepa, moti munthu angafunse kuti nanga tikulimbirana chiyani.

Kusiyana kuli kutsogolo. Gawo likaperekedwa silibwerera. Alamu anu akadzadwala, kapena akadzatsegula bizinesi ina n'kusiya mnyamata m'sitolo, adzapitiriza kutenga magawo awiri pa ntchito imene sakugwiranso, pomwe malipiro amatsata amene waima pakauntala. Tsiku logulitsa sitolo, kapena mmodzi wa inu akadzatisiya, mkangano udzakhala woti magawo awiri aja anali a phindu lokha kapena a sitolo yonse, ndipo pakamwa pokha simudzaumaliza. Kwa iwonso malipiro ndi abwino kuposa chimene akupempha, ndipo ndi mfundo imene muyenera kuwaonetsa: chaka chikavuta, magawo awiri a phindu lochepa ndi ochepa, koma malipiro amabwerabe. Mukafuna kuti akhale ndi chilimbikitso, onjezerani kuti phindu likapitirira mlingo wakutiwakuti, azitengako kagawo kapadera pa chopitiriracho. Mlingowo muziuonanso chaka ndi chaka, apo ayi kukwera kwa mitengo kudzausandutsa nthabwala.

Mwafunsa ngati mungakhulupiriranenso. Anthu ambiri amaganiza kuti kukhulupirika ndi chibadwa, wina ali nacho wina alibe. Chibadwa chilipo ndithu, koma pa malonda a zaka zambiri pali chinanso chimene chimagwira ntchito kwambiri, ndipo chinaoneka bwino pa malonda a maluwa a ku Kenya.

Kenya imagulitsa maluwa ambiri a rozi ku Ulaya. Kampani yolima maluwa ili ndi njira ziwiri: kutumiza ku okushoni ya ku Netherlands, kumene mtengo umasintha tsiku ndi tsiku, kapena kugulitsa kwa wogula wokhazikika amene yapangana naye mtengo. Mapangano oterewa ngovuta kupita nawo kukhoti. Duwa limafota m'masiku ochepa, wolima ali ku Naivasha, wogula ali kutsidya kwa nyanja, ndani angatsimikize kuti maluwa anafika abwino kapena ofota? Tsiku la Valentine likamayandikira mtengo wa ku okushoni umakwera, ndipo wolima akhoza kungonamizira kuti maluwa sanachite bwino n'kukagulitsa kokwerako. Akatswiri a zachuma awiri, Rocco Macchiavello ndi Ameet Morjaria, anasanthula malonda amenewa m'kafukufuku amene anatuluka mu 2015. Anaona kuti olima amapitiriza kupereka maluwa kwa ogula awo ngakhale pa nthawi yokopa ngati imeneyo, ndipo ndalama imene amalolera kuitaya imakula ubale ukamakalamba. Kumayambiriro kwa 2008, pa zipolowe zimene zinabuka chisankho cha mu Disembala 2007 chitatha, antchito ambiri sankafika m'minda ndipo maluwa othyoledwa anachepa. Olima a m'madera okhudzidwawo anateteza ogula awo okhazikika m'malo mothamangira ku okushoni. Panalibe woweruza wowakakamiza. Ankangodziwa kuti malonda a zaka zikubwerazo ndi aakulu kuposa zimene angatole sabata imodzi.

Pali kanthu kena m'kafukufukuyo kamene kamandichititsa chidwi. Amene anasamalidwa kwambiri pa nthawi ya zipolowe sanali ogula atsopano, komanso sanali akalekale zedi, anali apakati, amene wolima ankafunabe kuwaonetsa kuti ndi wodalirika. Kwa akalekale mbiri inali itakhazikika, panalibenso choti atsimikize. Zimenezi timaziona ngakhale kwathu. Munthu amene tazolowerana naye ndi amene timamuchedwetsera ngongole, timaleka kumuuza mmene zinthu zikuyendera, poti amatidziwa kale. Ndingadabwe ngati alamu anu akukutumiziranibe zithunzi za malisiti monga ankachitira chaka choyamba, ndipo ndingadabwenso ngati inu mukuimbabe foni yongofunsa mmene aswerera osatchula ndalama.

Makampani ogula thonje ndi fodya kuno amadziwa kuti pangano limasungidwa munthu akamaona kuti likumupindulira. Amapereka mbewu ndi feteleza pangongole, koma mlimi akaona kuti pangano silikumupindulira, zokolola zimatulukira kukhomo lakuseri kupita kwa mavenda, ngakhale anasaina pepala.

Ndiye funso loti mudzifunse n'lakuti, alamu anu akayang'ana zaka zisanu zikubwerazi, akuona chiyani m'sitolomu? Akudziwa ooda onse, amisiri a ku Lunzu akuwadziwa, mwini nyumba ndi mnzawo. Atafuna akhoza kutsegula yawoyawo patsidya pa msewu, makasitomala n'kuwatsatira, inu n'kutsala ndi theka la mashelefu. Kubwera poyera n'kupempha gawo lalikulu m'malo mochoka mwakachetechete, kwa ine ndi chizindikiro chabwino, ngakhale anapempha mosayenera. Chimene chingandisinthe maganizo ndi kumva kuti ali kale ndi kasitolo kena kogulitsa katundu yemweyo m'dzina la m'bale wawo. Lamulo la Partnership Act lija sililola mnzako wa m'bizinesi kupikisana ndi bizinesi yanu popanda chilolezo chako, ndipo phindu lopezeka mwa njira imeneyo amayenera kulibweza ku bizinesi ya nonse. Fufuzani zimenezo mwakachetechete musanakhale pansi.

Za kuona mabuku sinditaya nthawi yambiri, chifukwa n'zosavuta pakakhala kufuna. Ndalama za sitolo zikhale mu akaunti ya sitolo, osati ya munthu, ndipo nonse awiri muziona sitetimenti pafoni. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira makasitomala ikhale yosiyana ndi ya alamu anu, poti m'masitolo ambiri bowo lalikulu lili pamenepa, ndalama ya simenti n'kusakanikirana ndi ya ndiwo. Kabuku ka ngongole kakhale ndi malire a munthu aliyense ndi malire a onse pamodzi. Kutha kwa mwezi azikutumizirani pa WhatsApp zogulitsa, zooda, zolipira ndi ngongole zimene zili kunja. Katundu aziwerengedwa kawiri pachaka pamaso pa munthu wachitatu, ndipo ulendo umodzi uzikhala wa m'dzinja, pamene anthu samanga kwambiri ndipo mukhoza kutseka tsiku limodzi osataya zambiri.

Chimene ndikufuna mutsindike ndi buku la zotapa. Musaike lamulo loti palibe kutapa m'sitolo, chifukwa silidzasungidwa. Maliro adzagwa, mwana adzabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo munthu amene ali ndi kiyi wa kabati sadzapita kukakongola katapila ndalama ili pamaso pake. Lolani kuti aliyense akhoza kutapa mpaka mlingo wakuti, bola alembe tsiku lomwelo, ndipo idzachotsedwe pa gawo lake. Bukulo likumangeni inunso. Mukabwera pa tchuthi n'kutenga malata okafolera nyumba ya amayi, lembani ndi dzanja lanu, alamu anu akuona. Mukawagulira katundu wa sitolo ku Johannesburg, tumizani malisiti asanakufunseni. Malamulo amene amangoyang'ana munthu mmodzi amamveka ngati chitonzo, ndipo munthu wamkulu sawalandira.

Nanga nkhani yolemberanayi muiyambe bwanji, poti ulendo woyamba inathera mu mkwiyo? Musaiyambire pa ndalama zochepa. Iyambireni pa zinthu ziwiri zimene zikuopseza nonse, ngongole ndi imfa.

Pa bizinesi ya anthu awiri yosalembetsedwa ngati kampani, aliyense amaimira mnzake. Alamu anu akatenga katundu pangongole m'dzina la sitolo, ngongoleyo ndi yanunso, ndipo siithera pa katundu wa m'sitolo, ikhoza kufika pa chuma chanu cha kunyumba. Chimodzimodzi iwo pa ngongole imene inu mungatenge m'dzina la sitolo. Komanso funsani kuti chiphaso cha bizinesi, pangano la lendi ndi nambala ya msonkho ku MRA zili m'dzina la yani. Nthawi zambiri zonse zimakhala m'dzina la amene ali pamalopo, poti ndiye anapita kukaima pamzere. Zikakhala choncho, papepala sitoloyo ndi ya munthu mmodzi, ndipo inu mudzafunika kutsimikiza kuti muli ndi gawo. Kulandira gawo la phindu kumawerengedwa ngati umboni woyambira, ndiye sungani bwino malisiti a Mukuru kapena a kubanki a mu 2017, mauthenga onse okamba za kugawana, ndi umboni wa ndalama iliyonse imene anakutumizirani.

Imfa ndiyo imatsegula makutu. Popanda pangano lonena mwina, mmodzi akamwalira ubale wa bizinesi umatha pomwepo, ndipo gawo la malemu limalowa m'chuma cha masiye. Lamulo la 2011 la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act limateteza mkazi ndi ana ndipo linaika kulanda katundu wa masiye kukhala mlandu, koma silingakuuzeni kuti mwa malata ali m'sitolomo ndi angati a malemu. Alamu anu atatsogola, abale awo adzaona sitolo ya mwana wawo, ndipo amene adzakhale pakati pa moto ndi mng'ono wanu. Mutatsogola inu, ana anu adzapempha gawo kwa bambo awo aang'ono opanda pepala lililonse. Mukawauza kuti, alamu, tilembe kuti ana athu asadzadane ife kulibe, mawuwo ngovuta kuwakana kusiyana ndi akuti tilembe chifukwa ndalama zikuchepa. Mwina adzakuyankhani kuti chibale ndi fupa, sichiola. Vomerani, koma muwakumbutse kuti amene adzatsale akugawana sitoloyo si inu awiri.

Mng'ono wanu musamutume. Asakhale wonyamula mauthenga, asakhale kazitape wanu, ndipo asakhale mboni. Mukamulowetsa, nkhani ya sitolo isanduka nkhani ya banja lake, ndipo adzakakamizika kusankha pakati pa mwamuna wake ndi mkulu wake.

Ukwati kwathu sumangidwa popanda ankhoswe, osati chifukwa akwati akukayikirana, koma chifukwa aliyense amadziwa kuti tsiku lina padzafunika wina woti awakhazike pansi. Bizinesi ya anthu awiri imafunanso munthu wotere, wosankhidwa mtendere ulipo, dzina lake n'kulembedwa m'pangano. Akhale wodziwa malonda kapena kuwerengera ndalama, amene nonse mumamulemekeza, koma asakhale nkhoswe ya ukwati wa mng'ono wanu, pa chifukwa chomwe ndanena chija. Kukhoti kulipo, ndipo Khoti Lalikulu lili ndi nthambi yoona milandu ya malonda, koma nakonso milandu yambiri imayamba yadutsa kwa mkhalapakati, ndipo pofika kumeneko mudzakhala mutalipira maloya ndalama zimene zikadagula katundu, chibale chitathanso.

Ena adzakulangizani kuti mulembetse kampani pansi pa Companies Act ya 2013. N'zothandiza: magawo amalembedwa, ngongole za kampani sizifika pa chuma chanu pokhapokha mutasainira chikole, ndipo kampani siifa mwini akafa. Koma imabwera ndi mapepala a chaka ndi chaka ndi ndalama zolipira owerengera, ndipo anthu awiri a theka ndi theka akasemphana amangokanirirana ngati kale. Yambani ndi pangano la masamba awiri kapena atatu, loya alione, za kampani mudzakambe sitolo ikakhazikika.

Musayembekezere kuti pepalalo lidzanena zonse. Palibe amene mu 2017 akadalemba za kugwa kwa kwacha kwa 2023. Taonani mmene ena anachitira pa vuto losayembekezereka: pa 1 Febuluwale 1997 moto unatentha fakitale ya Aisin ku Kariya, m'dziko la Japan, imene inkapanga kachipangizo ka mabuleki ka pafupifupi galimoto zonse za Toyota. Toyota inkasunga katundu wa masiku ochepa okha, ndipo mafakitale ake anaima. Makampani ambiri amene ankachita malonda ndi Toyota, ena oti sanapangepo kachipangizoko, analandira zojambula n'kuyamba kukapanga asanakambirane mtengo, ndipo pasanathe sabata galimoto zinayambanso kutuluka. Anthu akamasimba nkhaniyi amathera pamenepa, koma mbali imene ili ndi phunziro kwa inu ndi yotsatira. Pambuyo pake Aisin inabweza ndalama zimene makampaniwo anawononga, ndipo Toyota inapereka ndalama yapadera yothokoza kwa makampani oipatsa katundu. Anathandizana kaye, koma kuwerengerana kunachitika ndithu. M'mabizinesi a pachibale timachita bwino mbali yoyambayo, yachiwiri timaichitira manyazi. Ngati alamu anu anaikapo ndalama zawo kuti sitolo isagwe mu 2023, kapena anakhala miyezi osatenga kanthu, afunseni, muwabwezere, ndipo muwathokoze pamaso. Ngati inu munatumizapo marandi owonjezera, nawonso alembedwe, kuti zidziwike ngati inali ngongole kapena mpamba.

Za m'mbuyo, langizo langa mwina silikusangalatsani: musafukule. Kufuna malisiti onse kuyambira 2017 n'kufuna chinthu chimene kulibe, ndipo mudzangopeza mabowo amene palibe angawatseke. Gwirizanani tsiku lowerenga katundu, ndipo tsikulo likhale chiyambi. Nenani poyera kuti zotapa zakale simuzifunsa, ndipo iwonso asafunse malipiro a zaka zapitazo. Ziwirizi zifafanizane. Mukutayapo kanthu, n'zoona, koma iwonso akutaya, ndipo munthu amene wachotseredwa mantha a zakale savuta kutsegula buku la lero.

Pali malire ake. Mukawapatsa malipiro, mukakhululuka zakale, inunso mukalowa m'malamulo omwewo, koma iwo n'kukanabe kuwerenga katundu kapena kukuonetsani sitetimenti, pamenepo musadikire chaka china. Kuzengereza kamodzi kukhoza kukhala manyazi, koma kukana mobwerezabwereza zonsezi zitaperekedwa ndiye kuti pali chimene sakufuna muone. Zikafika apo tulukani mwadongosolo. Poti simunaike nthawi yothera ubalewu, lamulo limakulolani kuuthetsa powadziwitsa, ndipo chitani zimenezo polemba kalata. Mtengo wa sitolo muupeze powerenga katundu pa mtengo wooda wa lero, osati umene anagulira, kuchotsapo simenti youndana ndi penti youma, kuphatikiza ndalama za kubanki ndi ngongole zokhazo zimene zingabwezedwedi, n'kuchotsa zimene sitolo ikuyenera kulipira ooda, mwini nyumba ndi MRA. Dzina la sitolo ndi malo ake zili ndi mtengo wake, ndipo apa m'pamene munthu wachitatu uja adzagwire ntchito. Alamu anu sadzakhala ndi ndalama yokulipirani kamodzi, ndipo kuwakakamiza kutero n'kugwetsa sitolo imene iyenera kukulipiraniyo. Lolani kulipidwa pang'onopang'ono, kwa chaka kapena ziwiri, koma ngongoleyo ilembedwe m'matumba a simenti: ngati gawo lanu likukwana matumba 600 lero, mwezi uliwonse azikupatsani mtengo wa matumba 25 kapena 50 monga ulili mwezi umenewo. Mukachoka, lemberani ooda onse ndi banki kuti simulinso m'bizinesiyo, chifukwa amene ankakudziwani ngati mwini mnzawo akhoza kukufunsanibe ngongole zotengedwa inu mutatuluka kale ngati sanauzidwe.